Chaka Chimene Mbuzi za ku Mlekeni Zinalandira Ufulu

“Kodi amalume, pakati pa inu ndi mbuziyo, wamangidwa ndani?”

Anafunsa funsoli ndi mwana wina pamsika wa Tsitsanipo, tsiku limene a Lufeyo Kamtedza ankakokana ndi mfule wawo wamkulu, Bwanamkubwa, chingwe atachikulunga padzanja. Mbuziyo inkafuna kumpoto kumene kunali kabichi, a Kamtedza ankafuna kummwera kumene kunali kwawo, ndipo onse awiri ankapita kumpoto. Mwanayo anakokedwa khutu ndi mayi ake n'kumapita. Koma funso lake linatsala pansi ngati chipatso chakupsa, ndipo linatoledwa ndi munthu wina wovala jekete yoyera amene anaima pafupi ndi ogulitsa zigege.

Tisanafike kwa munthu wa jeketeyo, tiyambe tafotokoza dziko lake. Ufumu wa Mawamawa ndi dziko la anthu oleza mtima. Likulu lake ndi Dikirani. Ufumuwu uli ndi zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi Nyumba yake ya Malamulo, kumene aphungu amakapumulirako akatopa ndi kupuma kunyumba kwawo. Dera la Mlekeni, m'chigawo cha Tikaona, linali ndi phungu wake, Olemekezeka a Ndibweranso. Anthu ankawadziwa ndi nkhope ya pachitenje chimene anagawa pa kampeni. Chitenjecho chitasuluka, nkhopeyo inaiwalika.

Mwa malamulo onse a ufumuwu, limodzi lokha ndi limene linkagwiradi ntchito ku Mlekeni, lamulo la chingwe. Mvula yoyamba ikangogwa, mlengezi wa boma ankazungulira midzi ndi wezulo akukuwa kuti, “Mangani mbuzi! Mbewu zamera!” Aliyense ankakhoma zikhomo kudambo n'kumangirira ziweto zake mpaka anthu atakolola, pamene mlengezi yemwe uja ankabweranso kudzati, “Zitayirireni!” Mbuzi yopezeka m'munda wa eni inkabwezedwa kwa mwiniwake, ndipo mwiniwakeyo ankabweza zodyedwazo. Ku Dikirani kunali Unduna wa Zingwe ndi Zikhomo, wokhala ndi magalimoto ambiri, ngakhale panalibe amene analandirapo chingwe kapena chikhomo kuchokera kumeneko.

A Kamtedza ankadana nalo lamuloli, ndipo anali ndi zifukwa. Mmawa kukoka mbuzi kupita kudambo, masana kukazisuntha, madzulo kukamasula zimene zapotana, mvula ikuwakwapula pamsana. M'manja mwawo munali zipsera za khonje. Koma ankapirira, chifukwa mbuzizo zinali ndi ntchito. Mwana wawo wamkazi, Elube, anali atapeza banja, ndipo chinkhoswe chinapanganidwa kuti chidzachitike anthu akadzakolola. A Kamtedza anali atanena kale pamaso pa ankhoswe a kuchimuna kuti tsiku limenelo ngakhale agalu a mudzi woyandikana nawo adzakana mafupa. Mawu a pamaso pa ankhoswe sabwezedwa m'kamwa.

Kuseri kwa mpanda wawo wa nkhadze kunkakhala Nasimango, mayi wamasiye wolera adzukulu, amene munda wake wokhawo unayambira pakhonde penipeni. Awiriwa ankapalana moto, kubwerekana nkhwangwa, ndi kukangana za nkhuku monga aneba abwino amachitira. Chaka chimenecho chimanga cha Nasimango chinali chobiriwira moderako, chitafika m'mawondo.

Tsopano munthu wa jekete yoyera uja. Dzina lake anali a Nikodemu Mkhalayekha, mwana wa ku Mlekeni komweko amene anakhalitsa kunja n'kubwerako ndi maganizo. Anayambitsa Chipani cha Ndisiyeni, chizindikiro chake chingwe choduka, ndipo ankafuna mpando wa a Ndibweranso. Msonkhano wake woyamba anauchitira pamsika, ataima pa ngolo.

“Anthu a ku Mlekeni! Ine sindinabwere ndi mchere. Sindinabwere ndi zitenje. Sindikulonjezani mlatho.”

“Nanga mwabwera ndi chiyani, bwana?” anafunsa wa kabaza wina.

“Ndabwera ndi choonadi. Mukandisankha, sindidzakuchitirani kanthu!”

Kenako mayi wogulitsa usipa anati, “Zikomo ponena zoona, achimwene, koma ntchito imeneyo ili kale ndi mwini wake.”

“Pali kusiyana, mayi,” anatero a Mkhalayekha osakhumudwa. “A Ndibweranso sachita kanthu chifukwa cha ulesi. Ine sindidzachita kanthu chifukwa cha mfundo.”

Ndipo anayamba kuziyala mfundozo. Msonkho, anati, ndi umbava wovala tayi. Msewu ukhale wa amene khomo lake laupenya, aliyense kachidutswa kake. Sikelo ya boma ichoke pamsika, wogulitsa aliyense adziwe yekha kukula kwa kilogalamu yake. Akabaza ayende mbali imene mtima wawo wakonda, chifukwa kumanzere ndi kumanja ndi nkhani ya pakati pa munthu ndi njinga yake. Kusukulu, kholo likafuna kuti mwana wake aphunzire kuti ziwiri ndi ziwiri ndi zisanu, asiyidwe, msika udzamuwongola. Kachasu, fodya wamkulu, chibonga cha m'manja, zonsezo ndi za mwini thupi. Ndipo akakangolowa m'Nyumba ya Malamulo, anati, akapempha kuti nyumbayo isanduke chigayo.

Mkulu wina wosoka nsapato anakweza dzanja. “Nanga paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga?”

“Mangani denga laling'ono!”

“Nanga mnzako akapsa ndevu?”

“Yambani mwamufunsa. Mwina waziyatsa dala. Ndevu ndi zake.”

“Koma ndiye kunja kuli sukulu,” anatero wosoka nsapatoyo, nabwerera ku nsapato zake.

Apo a Mkhalayekha analoza a Kamtedza m'khamumo, nawaitanira pa ngolo. Anawakweza dzanja kuti onse aone zipsera za khonje, nabwereza funso la mwana uja mawu ndi mawu. “Onani manja awa! Ndani anafunsa bambo awa ngati akufuna chingwe? Ndani anafunsa mbuzi? Boma likaliza wezulo, munthu wamkulu, wandevu, amathamangira kudambo ngati mwana wasukulu. Chingwe ndi ukapolo, ndipo chili ndi mbali ziwiri!” Kenako anakuwa kuti, “Ndisiyeni!” ndipo anyamata awo anayankha kuti, “Takusiyani!”

Tisawaweruze msanga a Kamtedza. Chibadwire panalibe munthu amene anawakwezapo dzanja pagulu, kapena kuona zipsera zawo ngati nkhani ya dziko. Anatsika pa ngolopo ali ndi kachingwe koduka pachifuwa, maso ali gwa, akumva ngati msana wawo wawongoka.

Mbiri ya chipanichi inafika ku Dikirani, ndipo Mfumu Sinkhasinkha Wachinayi inaitanitsa a Mkhalayekha kuti akadzifotokoze. Iwo anatenga a Kamtedza ngati mboni ya oponderezedwa, ndi Bwanamkubwa ngati umboni. Anadikira pachipata cha nyumba yachifumu mpaka agalu a kumeneko anasiya kuwauwa. Tsiku lina anaitanidwa.

M'bwalomo munali nduna zonenepa zitakhala motsatana ndi kukula kwa mimba. A Kamtedza anagwada pakona, atagwira Bwanamkubwa, amene ankayang'ana ndunazo ngati wakumana ndi abale.

Woyamba kuyankhula anali a Tolatola, Nduna ya Msonkho. “Mfumu, munthu uyu ndi woukira. Akuti msonkho ndi umbava. Mawu amenewa ndi oopsa, makamaka chifukwa anthu akuwamvetsa mosavuta.”

Kenako anaimirira a Chimfundo, Nduna ya Zingwe ndi Zikhomo, thukuta lili kamukamu. “Mfumu, makolo anati mbuzi imadya pamene yamangidwa. Tsono chingwe chikaduka, ifeyo, pepani, mbuzizo zidzadya pati?”

Mfumu inasinkhasinkha monga mwa dzina lake, kenako inatembenukira kwa a Mkhalayekha. “Iwe, ukuti boma lisamange milatho?”

“Lisamange, mfumu.”

“Lisagule mankhwala?”

“Lisagule.”

“Misewu?”

“Lisaikhudze n'komwe.”

Mfumu inayang'ana nduna zake mmodzimmodzi. “Ndani mwa inu wamuululira munthu uyu ndondomeko yathu?” Nduna zonse zinakana. Mfumu inapukusa mutu modabwa. “Zaka zonsezi takhala tikuchita zimenezi mwamanyazi, osadziwa kuti zili ndi dzina ndiponso chipani!”

Chigamulo chinaperekedwa pomwepo. Dera la Mlekeni lipatsidwe ufulu wonse mongoyesera mpaka tsiku la chisankho. Malamulo onse achotsedwe kumeneko.

“Ndi msonkho womwe, mfumu?” anafunsa a Mkhalayekha, nkhope ikuwala.

“Msonkho si lamulo,” anayankha a Tolatola mofatsa. “Ndi mwambo. Miyambo sitiikhudza.”

A Mkhalayekha anayamba kutsutsa, koma anauzidwa kuti ali ndi ufulu wonse wokatsutsira panja. Potuluka, a Kamtedza anapeza kuti Bwanamkubwa wadya mphonje za mkeka wachifumu. Panalibe amene anaona, ndipo a Kamtedza anaganiza kuti ufulu wayamba bwino.

Kusamutsa boma ku Mlekeni sikunavute. Lonse linakwana pa ngolo imodzi: wapolisi, sikelo, ndi mlengezi ndi wezulo wake. Anthu analiperekeza ndi maso mpaka pa mlatho umene kulibe. “Kani linali lochepa chonchi,” anatero mayi wa usipa uja. “Nanga chimalemera chija n'chiyani?”

Madzulo omwewo a Kamtedza anapita kudambo ndi chikwanje nadula zingwe zonse. Mbuzi zinaima kaye, osakhulupirira, kenako zinabalalika.

Masiku oyambirira anali okoma. Pamsika kilogalamu inachepa mpaka inayamba kulowa m'thumba la malaya, ndipo ogula nawo anayamba kunena kuti mwala uli ndi ufulu wotchedwa ndalama. Akabaza ankawombana pakati pa msewu n'kupepesana mwaulemu, aliyense ali kumbali yake yolondola. Mjigo unakhala wa amene wagwira chogwirira, ndiye mayi wina anagwira osasiya mpaka dzanja linachita dzanzi, ana ake akumubweretsera chakudya pomwepo. A Kamtedza anagona tulo ta masana koyamba chiyambire nyengo ya dzinja, nalota akuyankhula m'Nyumba ya Malamulo isanasanduke chigayo.

Anadzutsidwa ndi mawu ochokera kuseri kwa nkhadze.

“Aneba! Bambo a Elube! Tabwerani mudzaone alendo anu.”

Anasuzumira pa mpata wa mpandawo. Pamene panali chimanga chobiriwira panali zitsa zokhazokha. Bwanamkubwa anaima pamwamba pa mzere, tsamba lomaliza likulendewera pakamwa, anzake akumaliza nyemba. Nasimango anaima pakati pa mundawo, manja m'chiuno, osalira, osakuwa. Zimenezo ndi zimene zinawaopsa a Kamtedza.

Mumtima mwawo munabwera mawu akale, oti pepani aneba, ndalakwa. Koma pakamwa panatuluka mawu atsopano. “Mayi, mbuzizi zasankha zokha. Ine sindinazitume.”

“Ooh. Zasankha.”

“Ndi ufulu umenewo, aneba. Si ine ndinaubweretsa.”

“Ayi, inu munangouperekeza ku Dikirani. Tiyeni kwa bwana wanuyo akatimasulire.”

A Mkhalayekha anali atatsegula bwalo lawo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, limene ankalitcha Bwalo Losakakamiza, chifukwa aliyense ankabwera mwa kufuna kwake n'kumvera chigamulo ngati chamukomera. Anamvetsera nkhaniyo maso atatseka.

“Bambo Kamtedza, kodi munagwira mbuzi kukamwa n'kuyika chimanga m'katimo?”

“Ayi, bwana.”

“Ndiye mulibe mlandu. Mbuzi yaufulu imayankha yokha pa zochita zake.”

A Kamtedza anapuma mpweya wautali. Anatsala pang'ono kukuwa kuti “Ndisiyeni!” koma Nasimango anali asanathe.

“Zikomo, bwana, ndamva. Ine sukulu sindinapite patali, ndiye mundithandize. Mbuzi yaufuluyi ndi ya ndani?”

“Ndi ya iyo yokha, mayi.”

“Si ya aneba angawa?”

“Cholengedwa chaufulu chilibe mwini.”

“Nanga munda wanga ndi wa ndani?”

“Wanu, mayi! Kuyambira pamwamba mpaka pansi pa nthaka. Munda wanu ndi ufumu wanu. Mulibe mfumu ina m'menemo koma inu.”

“Tsono wolowa mu ufumu wanga osagogoda, n'kudya chuma cha dziko langa?”

“Ameneyo wayamba nkhondo. Muchite naye monga mwafunira.” A Mkhalayekha anaimirira, misozi ikulengeza, namugwira dzanja Nasimango. “Mayi, ndayenda dera lonseli ndikuphunzitsa, koma inu nokha ndi amene mwamvetsa mfundo zanga mpaka kumapeto. Simungalowe chipani?”

“Ndisiyeni,” anatero Nasimango.

“Mwaona! Walowa kale!”

Pamene a Kamtedza ankafika kunyumba, mbuzi zawo zonse zinali zitatsekeredwa m'khola la minga pakati pa munda wa Nasimango. Pa mpata wa nkhadze panali patapingasa munsi. Nasimango anakhala pampando kuseri kwa munsiwo, atamanga duku latsopano.

“Aneba, tangondipatsani mbuzi zangazo tikambirane bwinobwino.”

“Mbuzi zanu ziti? Inu mulibe mbuzi, bwana wanu wanena. Awa ndi akaidi a nkhondo. Ndipo musamati aneba. Pano pali malire a dziko.”

“Mayi Nasimango, takhala limodzi zaka zonsezi.”

“Chimanga chija nachonso chinakhala nane, bambo a Elube. Pano chili m'mimba mwa akaidiwa. Ndikachitenga momwemo.”

Kuyambira tsiku limenelo, mmawa uliwonse Nasimango ankanola mpeni pa mwala wa pafupi ndi mpanda, akuyimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu okoma. Sankapha kanthu. Ankangonola, n'kuyesa mpeniwo pa tsamba la nthochi, n'kuusunga. A Kamtedza ankamva kulira kwa mwalawo m'mano mwawo. Kulumpha mpanda sakanatha, chifukwa kunali kuyambitsa nkhondo ina, ndipo munsi uja anauonapo ukugwira ntchito pa fisi. Anabwerera kwa a Mkhalayekha, amene anawalangiza kuti atsegule ubale wa ukazembe ndi dziko loyandikana nalo.

Nzeru ya Nasimango inafalikira. Pasanapite nthawi khomo lililonse ku Mlekeni linali ufumu, ndipo munthu wopita ku mjigo ankadutsa maiko angapo, ena a iwo asakuyankhulana. Wosoka nsapato uja analengeza kuti mthunzi wa mtengo wake ndi dziko lake, ndipo malire ake ankasuntha ndi dzuwa.

Tsiku lina mkhoswe wa kuchimuna anadutsa pakhomo pa a Kamtedza panjinga, nasuzumira m'khola lopanda kanthu. “Kodi achimwene, ziweto zija zili kuti? Paja kwathu anthu ayamba kale kusala kudya.”

“Zili kunja kwa dziko,” anayankha a Kamtedza, ndipo sananame.

“Koma ndiye mwatukuka,” anatero mkhosweyo, napalasa njinga yake akuyang'anayang'ana m'mbuyo.

Elube anamva zimenezi ali m'khitchini. Madzulo anawapatsa bambo akewo madzi osamba ozizira.

Chiyembekezo cha a Kamtedza chinatsala chimodzi, ndipo chinali chochititsa manyazi. Ufulu unali woyesera mpaka chisankho. A Mkhalayekha akagwa, lamulo la chingwe libwerera, ndipo lamulolo limati mbuzi ibwezedwe kwa mwiniwake. Choncho munthu amene anakwezedwa dzanja pa ngolo, wovala kachingwe koduka pachifuwa, anayamba kupempherera mwakachetechete kugwa kwa chipani chake.

Pemphero lawo silinavute kuyankhidwa. Tsiku la chisankho, otsatira a Ndisiyeni anafika pamalo ovotera n'kupeza kuti pakufunika kuima pamzere. Anakambirana, nagwirizana kuti mzere ndi chingwe chopangidwa ndi anthu, nabwerera. A Mkhalayekha nawo anafika mpaka pa tebulo, koma ataona inki anabisa chala. “Boma lisandidinde ngati ng'ombe,” anatero, natuluka anyamata awo akuwomba m'manja. Pamzerewo panatsala okalamba ochepa, a Kamtedza, ndi Nasimango kumbuyo kwawo.

“Mukavotere ufulu, aneba,” anawanong'oneza Nasimango.

“Voti ndi yachinsinsi, mayi.”

“Khola lopanda mbuzi nalonso ndi lachinsinsi, koma mudzi wonse ukulidziwa.”

Anapambana ndi Olemekezeka a Ndibweranso, amene sanabwere koma anatumiza chitenje chatsopano chokhala ndi nkhope yonenepa kuposa yakale. A Mkhalayekha sanapeze voti ngakhale imodzi, ndipo anachititsa chikondwerero pamsika. “Palibe munthu amene wapereka mphamvu zake kwa ine!” anakuwa ali pa ngolo. “Aliyense wazisunga yekha! Kodi pali chipambano choposa ichi?” Mayi wa usipa anati aka kanali koyamba kuona maliro ovinidwa ndi mwini mtembo.

A Kamtedza anayamba kukhala m'mbali mwa msewu, kudikira ngolo yobweza boma. Phokoso lililonse ankaliyesa wezulo. M'malo mwa ngolo kunabwera uthenga wa pawailesi. Mfumu Sinkhasinkha inali yokondwa kwambiri ndi kuyesera kwa ku Mlekeni. Chichokereni boma kumeneko, ku Dikirani sikunafike dandaulo ngakhale limodzi, poti wolandira madandaulo anali wapolisi uja. Msonkho unkafikabe. Choncho ufulu wa ku Mlekeni unawonjezeredwa mpaka kalekale, ndipo a Chimfundo anapatsidwa galimoto ina yoyendera madera opanda zingwe.

Madzulo a tsikulo Nasimango anayankhula kudzera pa mpanda, mawu ake opanda nthabwala. “Bambo a Elube, mwamva wailesi. Boma lanu silibwera. Ufa watsala wa m'munsi mwa dengu, ndipo ana awa sadya mfundo. Mawa ndiyamba ndi wamkuluyo.”

Kutacha, mwala uja unayamba kulira. A Kamtedza anavula kachingwe ka pachifuwa nakaponya pamoto. Anapita kudimba kwawo nadula mtolo waukulu wa mbewu ya mbatata, nausenza pamutu, khasu paphewa, nakaima pa munsi wa pamalire.

“Odi kudziko kuno.”

Mpeni unasiya kulira. “Ndani?”

“Mlendo wochokera dziko loyandikana nalo.”

“Pasipoti?”

A Kamtedza anakweza khasu. Nasimango analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasuntha munsi ndi phazi.

Aka kanali koyamba kuti a Kamtedza aime m'kati mwa mundawo chichitikire zinthuzi. Pa mpanda ankangoona mbuzi zawo. Tsopano anaona mizere yopanda kanthu mpaka kumapeto, nkhokwe yotsegula pakamwa ngati munthu woyasamula, ndi adzukulu a Nasimango atakhala pakhonde akuyang'ana Bwanamkubwa ndi maso a anthu amene amugawana kale. Mawu akale aja anabwereranso, ndipo ulendo uno anatuluka.

“Aneba, ndinalakwa. Mbuzi ndi zanga. Zinali zanga pamene zinkadya, ndi zanga lero.”

“Bwana wanu akamva akuchotsani m'chipani.”

“Chipani chake sichichotsa munthu, chimangomusiya.”

Nasimango anafuna kuseka koma anadzigwira. “Ndiye mwabwera ndi masamba a mbatata kuti ana anga adye pepani?”

“Chimanga chachedwa, koma mbatata ikhoza kugwira mvula isanathe. Ndilima ndine mizere yonseyi, ndi manyowa a m'khola langa ndithira. Ndipo kuyambira lero mpaka mudzakumbe mbatatayo, nkhokwe yanga ili ndi eni awiri. Mukatapa musagogode.”

“Mayi a Elube akudziwa zimenezi?”

“Ndi amene andituma. Akuti ndikabwerako wopanda mbuzi ndikapemphe malo kudziko lina.”

Apo Nasimango anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka anakhala pansi pa mzere. Atapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje anati, “Kunena zoona, bambo a Elube, akaidi anuwa anditopetsa. Amadya ngati nduna. Ndipo Elube ndinamusambitsa ndine tsiku limene anabadwa. Mumaganiza kuti ndingalole apongozi ake adye therere pa chinkhoswe?”

“Nanga mpeniwo?”

“Mpeniwo lero ukanagwira ntchito, musadzinamize. Njala ilibe mnansi.”

Anayamba kuchotsa minga pakhomo pa kholalo. Mbuzi zinatuluka imodziimodzi, ndipo a Kamtedza anazikusa msanga kudutsa pa mpata wa nkhadze zisanaone mtolo wa mbatata. Bwanamkubwa anatuluka pomaliza, monyada, ngati mkaidi wandale. A Kamtedza anamugwira nyanga namudutsitsa malire, kenako anabwerera, nalavulira m'manja, nakweza khasu pa mzere woyamba.

“Taimani kaye,” anatero Nasimango. “Kulibe wapolisi, kulibe bwalo, kulibe wotiweruza. Tatsala awiri. Inu mwalonjeza zanu, ine ndilonjeze zanga.” Anakweza mpeni uja kuti uwale padzuwa. “Mbuzi yanu ikadzapondanso mu mbatata imeneyi, sindidzapita kwa munthu aliyense, ndipo sindidzaba. Ndidzakuitanani pa mpanda pomwepa, mudzandigwirire miyendo.”

A Kamtedza anayang'ana mpeniwo, nayang'ana ana a pakhonde paja.

“Ndidzabwera, aneba,” anatero. “Ndi mchere womwe ndidzatenga.”